Tinawaitana, Anabwera: Nanga Akupezanji Kuchipatala?

Zaka makumi atatu zapitazo, mayi wa kumudzi akamva kuti nthawi yake yakwana, apongozi ankatuma mwana kukadzutsa azamba. Kafukufuku wa zaumoyo amene boma linachita mu 1992 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse, 55 okha ndi amene ankachirira kuchipatala. Otsalawo ankachirira m'nyumba, pamphasa, koloboyi akufuka pakona. Kafukufuku wa mtundu womwewo atachitikanso mu 2015 ndi 2016, nambala ija inali itafika pa 91. Ndi maiko ochepa mu Africa muno amene anganene zimenezi.

Sizinangochitika zokha. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi, ndipo ngakhale Bingu wa Mutharika anadzafewetsa chiletsocho mu 2010, uthenga unali utamveka kale. Mafumu anaika malamulo awo: mayi akachirira pakhomo kapena panjira, banja lilipe mbuzi kapena nkhuku. Inkosi Kwataine a ku Ntcheu anatchuka dziko lonse pa nkhani imeneyi. Mayi Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012 anaika uchembere wabwino patsogolo, zidikiro zinamangidwa, ndipo wailesi, mipingo ndi mizikiti zinayankhula chimodzi: yambani sikelo msanga, kachirireni kuchipatala. Anthu anamva. Lero mayi wa mwezi wachisanu ndi chinayi amasenza beseni, zitenje, lezala, pepala la pulasitiki, ufa ndi nkhuni, n'kukakhala kuchidikiro milungu ingapo, munda ndi ana atasiyira ena.

Phindu lake linaoneka, ndipo wokana zimenezi ndi wamwano chabe. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanafike zaka zisanu; pofika 2016 anali 63. Amayi omwalira pa uchembere anatsika kuchoka pa 1,120 mwa 100,000 m'chaka cha 2000 kufika pa 439. Koma m'mabuku omwewo muli nambala ina imene inakana kusuntha. Makhanda omwalira mwezi usanathe anali 27 mwa 1,000 mu 2004. Patatha zaka khumi ndi ziwiri, amayi akukhamukira kuchipatala kuposa kale lonse, anali 27 yemweyo. Ambiri mwa makhandawa anabadwira pabedi la chipatala, m'manja mwa anthu ovala yunifolomu.

Vutoli si lathu lokha. Mu 2018 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Margaret Kruk linalemba mu magazini ya The Lancet Global Health kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, anthu 8.6 miliyoni amamwalira chaka chilichonse ndi matenda amene chipatala chikanatha kuthana nawo. Mwa amenewa, 3.6 miliyoni amamwalira asanafike kuchipatala. Ena 5 miliyoni amafika, koma amalandira chithandizo chosalongosoka. Kwa nthawi yaitali takhala tikuloza chala wodwala: wachedwa, anayamba wapita kwa asing'anga, mpingo wake umaletsa mankhwala. Zina mwa izi n'zoona. Koma mayi wosenza beseni uja mbali yake wachita. Ngongole yatsala kwa amene anamuitana.

Mzere wa ku Gulupu

Chisanafike chaka cha 2001, ana odwala obwera ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene ambiri timangoti ku Gulupu, ankaonedwa malinga ndi mmene afikira. Woyamba kufika, woyamba kulowa. Pongomva, chimenechi ndi chilungamo. Koma taonani mmene mzere wa kuchipatala umakhalira. Kutsogolo kuli mwana wa zipere amene mayi ake analawirira chifukwa amakhala pafupi. Pakati pali wina wolira mokweza, ndipo aliyense akumumvera chisoni. Kumapeto kwenikweni kuli mayi amene wayenda kuchokera kutali, mwana ali kumbuyo, wafunditsidwa chitenje, ali zii. Mukamufunsa akuuzani kuti mwana wagona. Mayiyu sangadumphe mzere. Analeredwa kuti pamaso pa akuluakulu munthu amadikira mpaka aitanidwe. Pofika pakhomo la adokotala dzuwa lili pamutu, mwana uja thupi lazizira.

Dokotala wa ana Elizabeth Molyneux ndi anzake anasintha kachitidweka. Anaphunzitsa anamwino kuti asamadikire wodwala pampando, koma aziyenda mumzere, kuvundukula chitenje chilichonse, n'kuyang'ana zinthu zochepa zomwe sizifuna makina: kodi mwana akupuma bwanji, manja azizira kodi, akukomoka kapena akuphupha, maso alowa m'kati, khungu likatsinidwa likubwerera? Wopezeka ndi chizindikiro choopsa amatengedwa nthawi yomweyo kupita kuchipinda chimene chili ndi mpweya, diripi, shuga wobaya ndi mankhwala oletsa kukomoka pamalo amodzi. Wodwalika koma wosafika poopsa amapita kutsogolo. Wa zipere uja amadikira. Anaikanso madokotala odziwa ntchito pakhomo pomwepo, m'malo mosiya ongoyamba kumene okha.

Zotsatira zake anazilemba mu magazini ya bungwe la WHO mu 2006. Kale ana 10 mpaka 18 mwa 100 ogonekedwa ankamwalira. Zitasintha anatsika kufika pa 6 mpaka 8. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, bungwe la WHO linaitenga n'kuyamba kuiphunzitsa m'maiko ena, ndipo lero namwino wa ku Kenya kapena ku Rwanda amaphunzira zimene zinayesedwa ku Gulupu. Panalibe mankhwala atsopano amene anatulukiridwa. Chimene chinasintha ndi yankho la funso lakuti ndani aonedwe poyamba.

Chodandaulitsa n'chakuti m'zipatala zing'onozing'ono zambiri, kumene anthu ochuluka amayambira, mzere ukadali wa woyamba kufika. Nthawi zina amene amauyendetsa ndi mlonda, atasonkhanitsa mabuku a kuchipatala m'manja n'kumaitana maina. Palibe cholakwa kuti mlonda agwire ntchitoyi. Cholakwa n'chakuti palibe anamuphunzitsa kuti mwana amene ali zii ndiye woyenera kumuthamangira. Maphunziro ake satenga mwezi.

Nkhani ya makhanda ili ndi phunziro lofanana, koma yokha ili ndi mchira. Mu 1999 chipatala chachikulu cha Zomba chinayamba njira ya kangaru: khanda lobadwa masiku asanakwane limaikidwa pachifuwa pa mayi, khungu kukhudza khungu, n'kumangidwa ndi chitenje usana ndi usiku. Kutentha kwa mayi kumagwira ntchito ya makina amene tilibe, ndipo magetsi akazima kutenthako sikuzima. Agogo, azakhali ngakhale bambo amatha kulandira mayi akatopa, ngakhale abambo ambiri amachitabe manyazi.

Koma chitenje sichithandiza khanda limene mapapo ake sanakhwime. Limafuna makina olipopera mpweya pang'onopang'ono kuti mapapo asaphwe, ndipo makina otere a kunja mtengo wake unali wosayandikika. Madokotala a ku College of Medicine ndi ku Gulupu, mogwirizana ndi mainjiniya a ku Rice University ku America, anapanga awo: kabokosi konyamulika, m'kati mwake muli timapampu ta m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba, ndi botolo la madzi limene limachita thovu khanda likamapuma. Anakatcha Pumani. Kafukufuku amene Dr Kondwani Kawaza ndi anzake anafalitsa mu 2014 anaonetsa kuti makhanda 71 mwa 100 oikidwa pa Pumani anapulumuka, pamene mwa olandira mpweya wamba anapulumuka 44.

Mchira uja ndi uwu. Makinawa atagawidwa m'zipatala za m'maboma, zotsatira sizinafike pa za ku Gulupu. Makhanda ambiri ankafika kunazale atazizidwa kale, ndipo khanda lozizidwa Pumani salipulumutsa yekha. Kwina namwino amene anaphunzitsidwa anasamutsidwira kuwodi ina, wolowa m'malo n'kumaopa kukhudza makinawo. Kwina kachubu kakang'ono kanatha, makina n'kukankhidwira kusitolo. N'chifukwa chake ntchito ya NEST360, imene inayamba mu 2019, sinabweretse makina amodzi koma zonse pamodzi: zofunditsa, zounikira chikasu, zoyezera mpweya ndi shuga, maphunziro, ndiponso amisiri okonza zikawonongeka. Aliyense amene anazungulirapo kuseri kwa chipatala cha paboma anaona mulu wa mabedi, mafiriji ndi makina a mpweya ochita dzimbiri, ambiri mwa iwo mphatso zimene zinalandiridwa ndi nyimbo ndi magule. Mmisiri wokonza makina a chipatala palibe amamuvinira, koma ndi iye amene amachititsa kuti mphatso ikhale ndi moyo chaka chachiwiri.

Bokosi la maloko awiri

Imfa za ana osafika zaka zisanu zinatsika kwambiri chifukwa cha munthu amene ambiri m'tauni samuwerengera: mlangizi wa zaumoyo, wa yunifolomu yobiriwira ngati mtambo, amene timangoti azaumoyo kapena a HSA. Ntchitoyi inayamba ndi obaya katemera wa nthomba, kenako othandiza pa kolera m'zaka za m'ma 1970. Kuyambira 2008 alangizi a m'madera ovuta kufikako anaphunzitsidwa kuchiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu pa matenda atatu amene ankatha ana: malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba.

Chipatala cha m'mudzi choterechi nthawi zambiri ndi khonde la nyumba ya mlangizi, kalasi ya sukulu, kapena kanyumba kamene anthu anaumbira okha njerwa. Chuma chake chonse chili m'bokosi la matabwa la maloko awiri: kiyi mmodzi amasunga mlangizi, winayo munthu wa mukomiti ya m'mudzi, kuti pasapezeke wotsegula yekha. Mayi akabwera ndi mwana wotsokomola, mlangizi amavula mwanayo malaya, kutchera kawotchi kake, n'kuwerenga kupuma kwa mphindi imodzi. Wosakwana chaka akafika 50, kapena wopitirira chaka akafika 40, ndi chibayo, alandire amoxicillin. Wotentha thupi amabayidwa chala, ndipo mizere iwiri ikatuluka pakachipangizo amayamba mankhwala a malungo a LA pomwepo. Wotsegula m'mimba amalandira Thanzi ndi zinki. Kalamba koyezera mkono kakafika pofiira, kapena mwana akamakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, mlangizi amalemba kalata: thamangani kuchipatala. Zonsezi zimachitika mayi asanatsike phiri kapena kuwoloka mtsinje wodzaza.

Pamene dongosololi limagwa ndi podziwika. Boma limafuna mlangizi mmodzi pa anthu 1,000, ndipo silinafikepo. Alangizi ambiri sakhala m'dera lawo chifukwa kulibe nyumba, ndiye amachokera patauni yapafupi panjinga, bokosi n'kumatsegulidwa kawiri pamlungu. Malungo a mwana sadziwa kuti lero ndi Lachitatu. Bungwe lililonse lobwera ndi pulojekiti limafunanso mlangizi yemweyo, lero kalembera wa masikito, mawa maphunziro a kuhotela a alawansi. Ndipo masiku ena mlangizi alipo, wa komiti alipo, maloko onse awiri atsegulidwa, koma m'bokosi muli kaundula yekha.

"Mukagule"

Palibe mawu amene wodwala wa m'Malawi amawadziwa bwino kuposa awa. Wadikira kuyambira m'mawa, adokotala amuona bwino, alemba m'buku, wafika pazenera la famase, ndipo wa m'katimo akuyang'ana bukulo, n'kumupatsa panado, n'kuchonga pa mankhwala enawo: "Awa kulibe, mukagule." Pamapepala, chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere. Kwa munthu amene wagulitsa nkhuku kuti alipire kabaza, ulere umenewu umathera pazenerapo. Ena amagula theka la mankhwalawo, ena amakagula pamsika kwa munthu amene wawayanika padzuwa pafupi ndi mankhwala a makoswe, ena amangobwerera kwawo.

Zifukwa zake ndi unyolo. Zipatala zimaitanitsa ku Central Medical Stores Trust. Ndalama za mankhwala zikachepa kapena zikachedwa, zipatala zimakhala ndi ngongole ku Trust, nayo Trust imakhala ndi ngongole kwa ogulitsa, ndipo ogulitsawo amafuna madola chifukwa mankhwala athu pafupifupi onse amachokera kunja, ambiri ku India. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti yomweyo inayamba kugula mankhwala ochepa tsiku lomwelo. Pamwamba pa izi pali kuba. Mankhwala a chidindo cha boma akhala akupezeka m'magolosale, m'makiliniki a anthu ndi kutsidya kwa malire. Mu 2016 unduna unakhazikitsa nthambi yofufuza za kuba mankhwala, ndipo anthu akhala akugwidwa. Koma tisamanamizane kuti wakuba ndiye vuto lonse. Ngakhale onse atakhala angelo, ndalama zimene timaika sizingakwanire mpaka kutha kwa chaka.

Tsono pali chodabwitsa. Pachipatala chomwecho pamene palibe amoxicillin, khomo lina chapafupi, munthu wa ma ARV amalandira botolo lake la miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, kawirikawiri popanda kubwezedwa. Bwanji? Ndalama za Global Fund ndi yankho loyamba, koma si lokhalo. Kuyambira pamene ma ARV aulere anayamba mu 2004, nthambi ya HIV inakhazikitsa mwambo wakuti miyezi itatu iliyonse gulu la oyendera lifike pachipatala chilichonse chopereka mankhwalawa, litsegule makhadi a odwala limodzilimodzi, liwerenge mabotolo a m'sitolo, lifananitse ndi kaundula. Amene walemba zabodza amadziwa kuti agwidwa. Amene mankhwala akumuthera amadziwika asanathe. Anasankhanso kuti zinthu zikhale zosavuta: mankhwala amodzi kwa ambiri, operekedwa ndi namwino kapena clinical officer, osadikira dokotala.

Nzeru yomweyo inabala Option B+ mu 2011. Malangizo a nthawiyo ankati mayi woyembekezera wopezeka ndi HIV ayezedwe kaye chitetezo cha m'thupi asanayambe mankhwala. Akuluakulu a zaumoyo kuno anaona kuti makina oyezerawo ndi ochepa ndipo amafa kawirikawiri, ndiye anagamula kuti mayi aliyense wopezeka ndi kachilomboka ayambe mankhwala tsiku lomwelo, moyo wake wonse. Akatswiri ena akunja anakayika. Pofika 2013, WHO inali itaika njirayi m'malangizo ake a dziko lonse lapansi.

Funso n'lakuti, ngati tikudziwa kuyendetsa bwino chithandizo cha matenda amodzi, chikutiletsa n'chiyani kuchita chimodzimodzi kwa wa BP, wa shuga, wa mphumu ndi wa khunyu? Ku Neno anayesa. Mu 2015 chipatala cha boma mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anatsegula khomo la ma ARV lija kwa onse a matenda okhalitsa, tsiku limodzi, mzere umodzi, kaundula mmodzi, ndipo wojomba amatsatiridwa kumudzi. Phindu lina limene palibe analiwerengera n'lakuti wokhala pabenchi sadziwikanso kuti wabwerera chiyani. Koma pali chenjezo. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, ogwira ntchito ambiri olipidwa ndi mabungwe anauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo tinaona kuti mbali imene imayenda bwino kwambiri ndi imenenso yaima pa ndalama za eni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Usiku

Chipatala chimadziwika bwino usiku. Pachipatala chaching'ono chakumudzi nthawi zambiri pamakhala mzamba mmodzi kapena awiri, ndipo nyumba yake ili pafupi, kutanthauza kuti saweruka. Mayi wachira bwino, koma magazi sakuleka. Mzamba amadziwa chochita: kubaya oxytocin, kutikita chiberekero, kuika diripi. Koma oxytocin amafuna firiji, ndipo ngati firijiyo inazima kwa masiku, jekeseniyo mphamvu yake yachepa ngakhale botolo likuoneka bwinobwino. Kuwala kumene ali nako ndi tochi ya foni, imene waluma pakamwa kapena wapatsa gadiyani kuti agwire. Akuimba foni paboma, ndipo yankho ndi limodzi mwa awa: ambulansi yapita kwina, ili pagalaja, kapena ilibe mafuta, abale asonkhe. Mayi wotaya magazi kwambiri akhoza kumwalira m'maola awiri.

Akafika paboma, amene amamutsegula kawirikawiri si dokotala wa digiri koma clinical officer. Dziko lino linayamba kuphunzitsa anthu amenewa mu 1976, College of Medicine isanatsegulidwe mu 1991, ndipo mpaka lero ndiwo amachita maopareshoni ambiri a amayi m'zipatala za m'maboma. Tilibe chifukwa chochita nawo manyazi; chofunika n'chakuti akatswiri a kuzipatala zazikulu aziwayendera ndi kugwira nawo ntchito, osati kungowadzudzula wodwala akafika mochedwa. Kenako pamafunika magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale, ndiye sukulu zikatsekera nkhokwe zimaphwa, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chimagwera nthawi ya mvula pamene malungo akutha ana magazi. Ife akuluakulu, amene timadandaula kwambiri m'maliro, ndi angati amene tinaperekapo?

Ku Blantyre kuli vuto lake lapadera: mzinda waukulu chotere ulibe chipatala cha boma la Blantyre. Wodwala wa ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa akalephereka pachipatala chaching'ono amapita ku Gulupu, kukapikisana bedi ndi amene watumizidwa kuchokera ku Nsanje ndi matenda ofuna katswiri. Za kumanga chipatalachi zakambidwa ndi maboma angapo.

Pa za ogwira ntchito, dziko lino linaonetsapo kuti likafuna limatha. Mu 2004, anamwino akuthawira ku Britain, boma mothandizidwa ndi Britain yemweyo ndi Global Fund linayamba ndondomeko ya zaka zisanu ndi chimodzi, kuwonjezera malipiro ndi 52 peresenti ndi kukulitsa sukulu zophunzitsa. Chiwerengero chinakwera. Lero zinthu zatembenuka mochititsa manyazi: m'mawodi anamwino akuperewera, pamene anamwino omaliza maphunziro ali kunyumba kudikira kulembedwa, ena akugulitsa kaunjika, ena akugwira lokamu amene malipiro ake amabwera patatha miyezi. Bungwe la anamwino ndi azamba lakhala likudandaula za izi chaka ndi chaka.

Izi zimatifikitsa pa nkhani imene anthu amakamba kwambiri m'minibasi: mwano. Amayi amasimba za kukalipiridwa ali m'matenda, kufunsidwa kuti pamene ankatenga mimbayo ankalira, kusiyidwa okha mpaka mwana kubadwira pansi. Amene amateteza anamwino amati munthu mmodzi woyang'anira amayi khumi usiku wonse, wopanda magolovesi okwanira, mtima umauma. N'zoona, ndipo amene sanagwirepo ntchito yotero asafulumire kuweruza. Koma kutopa sikutukwanitsa aliyense. Pawodi yomweyo, pa ntchito yomweyo, pamakhala wina amene amayi amamupempherera kuti akhale ndiye ali pantchito. Kusiyana kwake nthawi zambiri ndi mkulu wa wodi: kodi amaona, ndipo akaona amachitapo kanthu?

Mu 2019, ali Ombudsman, Martha Chizuma anatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb, lofufuza za amayi amene anachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma, ambiri chifukwa cha mabala a opareshoni amene analowa tizilombo kapena kuchedwa kuthandizidwa. Lipotilo linaloza kuchepa kwa anthu ndi zipangizo, komanso kusasamala. Chaka cha 2018 unduna unali utayamba kuika ma ombudsman m'zipatala, anthu olandira madandaulo a odwala. Ganizoli ndi labwino, koma lili ndi chilema: wolandira dandauloyo ndi wantchito wa unduna womwewo, amadya nsima ndi amene akudandauliridwa, ndipo odwala ambiri sadziwa n'komwe kuti ofesiyi ilipo. Wodwala amaopanso kuti akadandaula lero, mawa adzapeza nkhope yomweyo pakhomo. Pali dongosolo lina lofunika kwambiri, lounika imfa ya mayi aliyense womwalira pa uchembere, osati kuti apeze wolakwa koma kuti apeze pamene panaduka. Misonkhano imachitika, mafomu amadzazidwa. Koma ngati msonkhano wa mwezi uno wapeza kuti panalibe magazi ndi mafuta, ndipo wa mwezi wamawa wapezanso zomwezo, ndiye kuti tikungolemba mbiri ya maliro.

Kolera wa 2022 ndi 2023 anatiyesa poyera. Anayambira ku Machinga mu Malichi 2022, n'kufalikira m'maboma onse. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Kolera mankhwala ake ndi madzi: Thanzi kwa amene angathe kumwa, diripi kwa amene wafooka. WHO imati pamene chithandizo chili bwino, womwalira sayenera kufika mmodzi mwa 100. Kwathu kuno anali pafupifupi atatu.

Zonsezi zimathera pa ndalama ndi pa chimene timasankha kugula nazo. Mu 2001 ku Abuja, atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Zaka zambiri bajeti yathu yakhala ikuperewera pamenepo, ndipo ndalama zoposa theka la zonse zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja, aliyense ndi matenda ake okonda ndi mafomu ake. Ndondomeko ya unduna ya 2023 mpaka 2030 ikufuna kuti onsewa atsatire pulani imodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi. Tiona ngati eni ndalama avomere. Zipatala za mishoni za CHAM, zimene m'madera ambiri akumidzi ndizo zokha zilipo, zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi ndi ana azithandizidwa ulere, boma n'kubweza ndalamazo. Boma likachedwa kubweza, chipatala chimayambanso kulipiritsa, ndipo mayi amene mfumu yamuuza kuti akachirira pakhomo alipa mbuzi amapezeka kuti kulikonse alipa.

Andale amakonda nyumba, chifukwa nyumba imajambulika ndipo pamakhala mwala wolembapo dzina. Ndi chifukwa chake m'madera ambiri muli zipinda za amayi zomangidwa ndi ndalama za chitukuko cha dera, zopakidwa penti bwino, zotseka, chifukwa palibe anaganizira za nyumba ya mzamba, mjigo ndi sola. Zimene zapulumutsa anthu ambiri m'dziko muno, kuyambira namwino woyenda mumzere ku Gulupu mpaka oyendera owerenga mabotolo miyezi itatu iliyonse, palibe chimodzi chimene chinadulidwa riboni.

Chipatala chaching'ono chilichonse chimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'deralo, ndipo komitiyo ili ndi ufulu wokhalapo mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto ndi kusainira zimene zafika. Ngati simukudziwa amene ali mukomiti ya kwanu, kafunseni kwa amfumu sabata ino. Ndipo aphungu kapena akhansala akadzabwera ndi lonjezo la chipatala chatsopano, afunseni kaye kuti ambulansi ya chipatala chimene chilipo kale inalandira malita angati mwezi watha.